Mungu wakale wa kakombo wakula kuposa wa lero, ndiulembe ngati mtundu womwe unatha?

Wophunzira: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. M'matope akale a pansi pa dambo omwe ndikuwerenga mungu wake muno mu labu ndapezamo tinjere tokhala ndi mzere wozungulira ngati lamba, monga timaonera pa Nymphaea, kakombo uja amabereka nyika za ku Nsanje, koma tikuoneka tikulutikulu kuposa ta pa masilaidi ofanizira ndiye supavaiza wanga akuti mwina ndi mtundu womwe unatha kalekale padziko, ine mtima ukukana kulemba choncho.

Wa mu labu: Achemwali masilaidi anu munamata ndi chani? Ngati ndi glycerine jelly dikirani kaye, ameneyo amatupitsa mungu makamaka silaidi ikakhalitsa. Silicone oil satupitsa.

Wophunzira: Anga ndi a jelly, ofanizirawo ndi a silicone oil. Eee achimwene izi sindinaziganizeko olo pang'ono.

Wa mu labu: Basi yambirani pomwepo. Tengani maluwa a kakombo wa lero, muwapange acetolysis ija, kutsuka mungu ndi mankhwala a asidi osakaniza 9 kwa 1, mphindi zomwezo zomwe munapangira matopewo, mumate ndi mankhwala amodzi, kenako muyeze tinjere tambiri ndithu osati tiwiri titatu.

Mphunzitsi: Ndionjezereko mwana wanga. Olo kukulako kutsale mutakonza zonsezi, mungu pawokha kawirikawiri umangokufikitsani pa genus (gulu la mitundu yapachibale), pa species (mtundu weniweniwo) umavuta. Monetianthus mirus wa ku Portugal, m'bale wa kakombo wa zaka zoposa 100 miliyoni, anamutcha dzina atapeza duwa lenilenilo. Notonuphar antarctica wa pa Seymour Island ku Antarctica, m'bale winanso wakalekale wa kakombo, anamufotokoza mu 2017 kuchokera ku mbewu zake. Ndiye zotsala pamwamba pa sefa posefa matopewo musataye chonde, fufuzanimo mbewu, komanso pa silaidi yang'anani tima sclereid, timaselo tolimba tooneka ngati nyenyezi tija, kakombo amakhala nato m'masamba ndi m'mapesi. Chinanso onetsetsani kuti si Nypa, nayenso mungu wake uli ndi lamba koma ndi kanjedza wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere ndipo minga ya pa mungu wakewo imaonekeratu.

Wophunzira: Zikomo kwambiri aphunzitsi. Zotsala pa sefa zilipo mu fuliji, mwayi sindinataye. Mawa ndiyamba ndi kakombo wa lero uja, pakadali pano mu tebulo ndalemba Nymphaea-type basi.