Makungwa a bulugama mu gallery ya yunivesite, ndiye luso lamakono limeneli?

Mlendo_kuVirginia: Abale ndifunseko. Mu 2024 mnzanga anandikokera ku Fralin, gallery ya University of Virginia kuno ku Charlottesville, kunali chionetsero chotchedwa Madayin, zojambula za a Yolngu, omwe ndi ma Aboriginal (eni nthaka a dzikolo) aku Yirrkala kumpoto kwa Australia. Kukongola ndiye zokongola koma ndi makungwa a mtengo basi opakidwa dothi, iwo nkumati luso lamakono. Sizangofanana ndi ziboliboli zogulitsa azungu pamsewu zija kodi?

Chikumbe77: Ayi achimwene pamenepo mwaphonya. Makungwa amenewo ndi a mtundu wina wa bulugama, amasenda nthawi ya dzinja khungwa likadali lofewa, kuliwamba pamoto nkulitsamiza ndi zolemera kuti liwongoke, kenako amajambula timizere tating'onoting'ono ndi kabulashi ka tsitsi la munthu. Koma nkhani yagona pa timizereto, fuko lililonse lili ndi take ndipo timanena kuti malo awa ndi a ndani, madzi awa ndi a ndani, simungangojambula za eni ake. Mu 1963 boma litapereka malo awo ku mgodi wa bauxite osawafunsa, anthu aku Yirrkala omwewa anamata dandaulo lawo pa makungwa ojambulidwa nkutumiza ku nyumba ya malamulo ku Canberra. Mu 2008 anawinanso mlandu wa Blue Mud Bay kukhothi lalikulu pa za umwini wa gombe lawo. Chiboliboli chapamsewu chinapitako kukhothi?

MayiWaMapasa: Komanso mukati zachikale mukunama, ambiri ojambulawo ndi a masiku athu ano. Gogo wina, Nonggirrnga Marawili, ankatola ma katiriji a printer otayidwa nkutengamo inki ya pinki ija kusakaniza ndi dothi, ine nditaona zithunzi zake ndinangoti eee gogo ameneyu kkkk. Wina, Dhambit Mununggurr, ndiye wodziwika ndi zojambula za penti ya buluu.

Mlendo_kuVirginia: Chabwino ndagonja achemwali. Koma china, ngati zili zopatulika bwanji kuzipachika poyera aliyense aziona? Kwathu ku Dedza za kudambwe sitiulula chisawawa.

Chikumbe77: Eya, kusiyana kwake ndi koti pa Madayin anasankha okha eni ake, akuluakulu ngati Djambawa Marawili ndi malemu Wukun Wanambi anagwira ntchitoyo limodzi ndi a Kluge-Ruhe, nyumba ya yunivesite yomweyo yosunga luso la ma Aboriginal. Zimene munaonazo ndi zapamwamba zokha zololedwa, tanthauzo lakuya limatsala kwa olowa. Inu a ku Dedza mukudziwa bwino, zigoba za gule zili mbwee pa Mua paja koma kuziona sikumeta ayi.

Mlendo_kuVirginia: Ndiye ine ndinangodutsamo mphindi 20 ndikuthamangira basi, manyazi bwanji. Kluge-Ruhe ili pompano, Loweruka ndipita ndikaone bwinobwino.