Ndangolemba Form 4, ndikufuna kuyamba geni ya kaunjika pa WhatsApp, ndiyambire pati?

Nambewe_waku_Chilobwe

Moni nonse akuluakulu. Ndine mtsikana wa zaka 17, ndangolemba kumene MSCE ndiye pano ndikungokhala pakhomo kudikira zotsatira, kutsuka mbale ndi kulera ana a achemwali basi. Ndili ndi K70,000, ina anandipatsa ankolo ina ndinkasunga ndekha pa ndalama yodyera ku sukulu, komanso ndili ndi ka Itel kojambula bwinoko ndithu. Maganizo anga ndi oti ndizikasankha zovala za kaunjika ku Limbe, kuchapa, kusita, kujambula nkumaika pa status ndi pa Facebook. Koma mayi akuti za pa foni ndi za akuba ndingobetsa ndalama, pomwe mnzanga wina akuti ndisavutike ndi zovala ndilowe forex, ija yogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa intaneti, iyeyo ali ndi munthu wophunzitsa. Mutu wangoima. Ndalama imeneyi ingakwane? Nanga makasitomala mumawapeza bwanji poti manambala amene ndili nawo ambiri ndi a anzanga a ku sukulu omwe nawonso ali pa maluzi kkkk. Chonde musanditukwane ndangofunsa.

Mai_a_Belo

Mwana wanga palibe akutukwane pano. Ine kaunjika yemweyu ndi amene akuphunzitsa ana anga, ndili ku Lilongwe ndimagula ku Tsoka ndi kwa ogulitsa mabelo. Ndalama yakoyo ikwana, bola uiwale kaye za belo. Belo umalipira usanaone zamkati, pena umatsegula nkupeza zabwino zowerengeka, zina zonse zong'ambika kapena masaizi a zimphona oti ungayende Blantyre yense osapeza owavala. Zimenezo tisiyire ife amene tikagwa timadzukanso. Iwe uzilawirira m'mamawa tsiku limene amayi a mumsika akuphwanya belo, usankhe ndi manja ako chimodzichimodzi, uyang'ane kukhwapa, zipi, mabatani, kolala ndi madontho oti sangachoke ndi sopo. Afunse masiku amene amaphwanya, ukazolowerana nawo amayamba kukuimbira okha mwinanso kukubisira zabwino pansi pa benchi.

Osamangogula chilichonse chimene chakusangalatsa iwe, si iwe uvale. Sankha mtundu umodzi anthu akudziwe nawo, kaya ma top ndi madiresi a ku ofesi kaya zovala za ana. Ine ndimakonda za ana chifukwa mwana sasiya kukula ndipo mayi atha kudzimana yekha koma osati mwana wake. Uonenso nyengo, majekete ndi majuzi amayenda kuyambira May mpaka July, ukawagula kutentha kutayandikira ugona nawo mpaka chaka cha mawa ndalama yako ili m'chikwama.

Tsopano pamene ana ambiri amagwera ndi pa mtengo. Tiyerekeze wagula top pa K3,000 wagulitsa K4,000, iwe nkumati ndapha 1,000. Ayi. Minibasi ya ku Limbe popita ndi pobwera, sopo, makala kapena magetsi ositira, bandulo, yotapira kwa ejenti, majumbo oikamo, zonsezo uziphatikize ugawe pa zovala zimene wagula tsiku limenelo ndiye uone chatsala. Komanso mtengo uziika poganizira ndalama imene ukagulire china mawa, osati imene unagulira dzulo. Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44% anzathu ambiri amene anamaliza katundu pa mtengo wakale anapita kukaoda nkupeza kuti mpamba ndi phindu lomwe pamodzi sizikugulanso katundu wofanana ndi amene anali naye. Kaunjika amachokera kunja, amagulidwa ndi madola, dola ikasowa belo imakwera ndipo sikuchenjeza.

Gula kope. Osati kulemba mu foni, kope lenileni. Chimene wagula, mtengo wake, chimene wagulitsa, kwa ndani. Mpamba sadyera chips, ukafuna kudzisangalatsa udikire kutha kwa mwezi uone kopelo likuti chani.

Ndipo ngongole ayi. Akubwera anzako ndi azisuweni, "ndipatse ndikupatsa mwezi ukatha", ndipo poti ndiwe mwana ukanika kukalonjerera munthu wamkulu, uzingomuona atavala diresi lako ku tchalitchi iwe uli duu. Ukamaopa kukana uzingoti katunduyu si wanga ndi wa anti andikalipira, palibe amakangana ndi anti amene sakuwadziwa.

Ejenti_Mzuzu

Chemwali, mayi anu sakunama kwenikweni, akuba pa foni alipodi ndipo ine ndimakhala pa kauntala ya Airtel Money ndi Mpamba tsiku lililonse, anthu olira ndimawaona. Koma njira zawo ndi zomwezomwezo, mukazidziwa sangakuthereni.

Munthu akati ndatumiza, musakhulupirire screenshot, musakhulupirirenso meseji imene yalowa. Meseji amatha kuilemba okha yofanana ndendende ndi yeniyeni nkuitumiza kuchokera pa nambala wamba. Inu imbani *211# ngati ndi Airtel kapena *444# ngati ndi TNM muone balansi ndi maso anu, ikakhala sinasinthe katundu asachoke m'manja mwanu ngakhale munthuyo akalipe bwanji kuti network ikuchedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ina ndi ija ya "pepani ndatumiza ndalama molakwika kwa inu ndi ya maliro chonde bwezani", inu osabweza kanthu, muuzeni aimbe ku kampani ya foniyo ndi imene imabweza ndalama zolakwika. Enanso amaimba ngati ndi a ku ofesi nkumati tikukonza akaunti yanu tchulani PIN kapena dinani manambala awa. PIN sapatsa munthu, ngakhale ine ejenti ndikakufunsani mundithawe.

Pa WhatsApp palinso ka code ka manambala 6 kamene kamabwera pa SMS, wina akati "ndakutumizira code molakwika nditumizire" dziwani kuti akufuna kulanda WhatsApp yanu ayambe kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Lowani mu settings muyatse two-step verification lero lomwe, ndi zaulere.

Za ID, a NRB amapereka chiphaso cha unzika kuyambira zaka 16 ndiye ngati mulibe kalembetseni, simu masiku ano siyenda popanda kulembetsa ndi chiphaso, lamulo limeneli a MACRA analikhwimitsa mu 2018. Ngati nambala imene mukugwiritsa ili m'dzina la munthu wina, ikhale ya mayi anu, osati ya chibwenzi kapena ya mnzanu, chifukwa foni ikabedwa kapena PIN ikatsekeka amene angakatsegulitse ndi mwini dzina atanyamula ID yake, ndipo ndalama zonse zili mmenemo pa pepala ndi zake.

Kabaza_Boss

Kkkkk mnzakoyo umufunse kuti wophunzitsa forex uja ngati amapanga ndalama zambiri choncho akufuniranji 20 pin yako ya registration. Geni iliyonse imene akuti lipira kaye kenako ubweretse anzako atatu, katundu wake ndi iweyo. Ndipo kandege, juga ya pa foni ija, usakayandikire nkomwe, ndaona anyamata pa siteji pathu atagulitsa njinga chifukwa cha kandege, komanso kubetcha ndi kwa a zaka 18 kupita mtsogolo iwe sunafike.

Thoko_designs

Aise ine ndili ndi zaka 20 ndinayamba ndili Form 3, ndiye ndikuyankhe za makasitomala poti akuluakulu sanazikhudze. Status yako amaiona okhawo amene iwe unasunga nambala yawo ndipo iwonso anasunga yako, ikakhala mbali imodzi palibe chikuoneka. Ndiye ntchito yako yoyamba ndi kupangitsa anthu amene amalandira salale kuti asunge nambala yako. Yambira pafupi, anzawo a achemwali ako, amayi a ku kwaya, a banki m'khonde ya mayi ako, aphunzitsi achizimayi a ku sukulu kwanu, manesi ngati pali amene ukuwadziwa. Upemphe achemwali aike zithunzi zako pa status yawo ndi nambala yako. Aliyense wagula umuuze "sungani nambala yangayi muziona zatsopano Lachisanu lililonse" ndipo Lachisanu likafika uikedi, anthu amazolowera tsiku.

Tsitsa WhatsApp Business, ndi yaulere, ili ndi catalog moti chinthu chimakhalabe pomwe status imafufutika pakatha maola 24. Osalowetsa anthu mu gulupu usanawapemphe zimabowa heavy, amangotuluka ena kukubloka. Zithunzi jambula panja m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litafewa, pa khoma loyera, chovala chili pa hang'ala chositidwa, osati pa bedi pooneka neti ndi ndowa kumbuyo kkkk. Lemba mtengo ndi saizi pa chithunzi pomwepo, zija za "mtengo bwerani ku inbox" zimathawitsa anthu. Pakakhala kabowo kapena kadontho nena, munthu akakagwira yekha kunyumba sabweranso ndipo auza anzake.

Koma ine pena ndimasiyana ndi Mai_a_Belo, sukuyenera kuika 70 yonse mu katundu. Utha kugwirizana ndi mayi wina wa mumsika uzijambula katundu wake, iwe nkuikapo kako pamwamba, oda ikabwera ndi pomwe ukukatenga. Mpamba ziro. Komanso phunzira ka luso kena pa foni yomweyo, ine ndimapanga ma poster a ukwati, a bridal shower ndi a tchalitchi pa app ya Canva, palibe katundu amene amanditsalira m'nyumba, chimene ndimagula ndi bandulo basi.

Mai_a_Belo

Thoko za ma poster ndavomera, koma zojambula katundu wa eni ku kaunjika zimavuta mwana wanga. Kaunjika chovala chimakhala chimodzi chokha padziko lonse, iwe wajambula 8 koloko, kasitomala wakonda 2 koloko watumiza ndalama, ukufika pa benchi mwini wake anagulitsa kalekale poti sangakanize munthu wa ndalama m'manja chifukwa cha chithunzi chako. Ubweza ndalama ndi yotumizira yomwe kuchokera m'thumba mwako ndipo dzina laipa. Njira imeneyo imayenda pa zinthu za m'shopu zimene zimakhala zambirimbiri zofanana, nsapato zatsopano, zikwama, makava a foni. Zoti asaike 70 yonse ndiye zoona, ayambe ndi 40, inayo ikhale pambali aone kaye chimene anthu ake akukonda.

Aphunzitsi_Opuma

Ine ndilankhula ngati kholo, poti nonse mwakamba za ndalama koma mwanayu ndi wamkazi ndipo malamulo a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Nambala yako ikangoyamba kuyenda pa Facebook kubwera azibambo ena amene sakufuna diresi ayi. Ayamba ndi "tavala ndione mmene likukhalira ndigulire akazi anga", kenako "bweretsa ku lodge ndili pa miting'i ndikupatsa ndi ya transport". Mwana wanga zimenezo ukangoona bloka, ndalama yake ipite. Zovala uzijambula pa hang'ala osati pa thupi lako, ndipo usalembe pa intaneti pamene pali nyumba yanu.

Kokasiya katundu kuzikhala pa anthu ndipo masana, ngati pa Chichiri pa mall paja, pa filling station kapena pa geti la ofesi ya munthuyo, ndipo kunyumba adziwe wapita kuti. Kukakhala kutali tuma wa kabaza mmodzi amene banja lanu likumudziwa. Mayi ako usawabisire kanthu, uwaonetse kope lija Mai_a_Belo anena, mantha awo atha akamaona okha mmene zikuyendera, ndipo tsiku lina kasitomala wovuta akadzafuna kukuopseza adzalankhula ndi munthu wamkulu.

Anthu ena adzakunyengerera kuti uziwagulitsira mafuta oyeretsa khungu, mankhwala ochepetsa thupi kapena okulitsa ziwalo poti akuti ndiye zimayenda msanga. Ukane. Mankhwala ali ndi bungwe lake la PMRA loona amene akuloledwa kugulitsa, ndipo munthu akatupa nkhope dzina limene adzatchule ndi lako osati la amene anakupatsa.

Zotsatira zikatuluka, kaya wakhoza kaya pakufunika kubwereza, sukulu ipitirire. Geni ya pa foni ubwino wake ndi womwewo kuti imatheka Loweruka ndi pa holide.

Nambewe_waku_Chilobwe

Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera mayi zonsezi aseka pa nkhani ya anti ija akuti anti akewo akhala iwowo kkkk. Forex ndaisiya. Ndiyamba ndi zovala za ana poti achemwali anzawo ambiri ali ndi makanda. Funso lomaliza, nanga munthu akakhala ku Zomba kapena ku Lilongwe ayambe ndani, iye kutumiza ndalama kapena ine kutumiza katundu? Poti nayenso aziopa kuti ndine wakuba.

Ejenti_Mzuzu

Ayambe iyeyo chemwali, ndalama ya chovala kuphatikiza ya courier, inu mwaona balansi ndiye mukatumize, mujambule lisiti la ku courier mumutumizire nthawi yomweyo. Akamakayika muimbireni video call aone chovalacho chili m'manja mwanu, kapena atume m'bale wake wa ku Blantyre adzaone nkulipira pamanja. Akakana zonsezi musiyeni. Ndipo miyezi yoyambayi ine ndikanakonda muzigulitsa mu Blantyre momwemo kaye, a kutali adzabwera mukakhala ndi anthu angapo oti angakuikireni umboni. Mtengo wa courier mukafunse ku ofesi yawo musanamuuze kasitomala, amatengera kulemera kwa katundu ndi kumene akupita.