Kuyeza mankhwala a kuchipatala m'madzi a m'mijigo

Chisomo:
Akuluakulu, gulu lathu ku yunivesite ku Mount Pleasant, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, likufuna kufufuza ngati m'madzi a m'mijigo ya pasukulu muli zotsalira za mankhwala a kuchipatala. Tiyambe ndi mankhwala ati, nanga madziwo titunge bwanji?

A Phiri:
Musathamangire mankhwala ambirimbiri, ndalama zikutherani panjira. Yambani ndi carbamazepine, sulfamethoxazole ndi nevirapine, chifukwa sawonongeka msanga pansi pa nthaka. Onjezani caffeine. Ameneyu amatha msanga, ndiye mukamupeza, ganizirani za paipi ya suweji imene ikudontha chapafupi. Mankhwalawa amapezeka pa mlingo wochepa kwambiri wa ng/L (mananogalamu pa lita). Makina wamba oyezera mankhwala mu labu otchedwa HPLC sangawaone, pafunika makina amphamvu kwambiri otchedwa LC-MS/MS.

A Nachisale:
Chisomo, ambiri amaphonya potunga. Yezani kaye pamene madzi afika ndi dip meter (chingwe choyezera kuya kwa madzi) pampu isanayatsidwe. Kenako tayani madzi amene agonera mu casing (paipi yaikulu ya m'dzenje la mjigo), katatu kuchuluka kwake. Casing ya 140 mm mkati imasunga malita pafupifupi 15 pa mita iliyonse, ndiye madzi akakhala mamita 30, mutaya malita 1,400 kapena kuchepera pang'ono. Musayambe kudzaza botolo mpaka pH (mlingo wa asidi), EC (mmene madzi akudutsitsira magetsi) ndi kutentha zitakhazikika.

Tungani madzi asanalowe m'thanki. Chibwerere kolera wa 2018 ku Glen View ndi Budiriro, madera a mu Harare momwemo, mijigo ina anaiika zothira klorini, ndipo klorini amapitiriza kudya sulfamethoxazole m'botolo momwemo. Ngati mulibe kochitira koma kutunga madzi a klorini, thirani sodium thiosulfate 80 mg pa lita kuti athetse mphamvu ya kloriniyo. Botolo likhale lagalasi lofiirira la lita imodzi, pakuti dzuwa limaononga mankhwala ena, pulasitiki nayo imayamwa ena. Ikani pa ayisi, pa 4°C, ndipo musadutsitse maola 48 musanasefe ndi sefa ya GF/F ya 0.7 µm n'kudutsitsa mu katiriji ya Oasis HLB, kachubu kamene kamakola mankhwala a m'madziwo. Ndi magetsi athuwa, furiji musaidalire. Mukamaliza kudutsitsa madzi mu katirijiyo (SPE), katiriji youma ndi yosavuta kusunga mu friza komanso kutumiza kusiyana ndi mabotolo.

A Banda:
Musaiwale field blank, botolo la madzi oyera loonetsa ngati madzi aipitsidwa potunga kapena panjira. Tengani madzi oyera a mu labu, muwatsanulire m'botolo lina pamjigo pomwepo, ayende limodzi ndi enawo. Otunga avale magulovesi a nitrile ndipo asamwe khofi kapena tiyi pantchitopo, apo ayi caffeine mumupeza paliponse. Tungani mu Okutobala mvula isanagwe, mubwerezenso mu Febuluwale madzi apansi atakwera.