Mfuti zakale za asilikali: yosungika bwino imadziwika bwanji?

Kambuku_303:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mfuti ngati Lee-Enfield, Mosin-Nagant kapena Mauser K98k ikamaoneka yonyezimira kunja, ndiye kuti ili bwino? Nanga girisi wouma amene amamatirira paliponse uja amachoka bwanji osaononga kanthu?

Nyundo:
Achimwene, kunyezimira kusakunamizeni. Chotsani bolt (chitsulo chokoka chimene chimalowetsa chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwa mpope), muunike ndi tochi mumpope. Mizere yam'kati izioneka yakuthwa, osati yofufutika kapena yokumbika timaenje. Zipolopolo zambiri zakale zinali ndi primer (kachipewa ka kumatako kwa chipolopolo koyatsa onga) ya mankhwala a potassium chlorate, imene ikaphulika imasiya mchere mumpope. Mcherewo umakoka chinyontho, dzimbiri n'kuyamba m'masiku ochepa. Mafuta sausungunula, koma madzi otentha. Kenako muumitse, mupake mafuta. N'chifukwa chake mfuti ya K31 ya ku Switzerland nthawi zambiri imapezeka ndi mpope woyera: zipolopolo zake za GP11 sizinkasiya mchere umenewu.

Muonenso kukamwa kwa mpope. Ma Mosin ena anabooledwa mokulitsa kunsongako pofuna kuchotsa mbali yodyeka. Amaombabe bwino, koma osonkhanitsa mfuti zakale sawapatsa ulemu wofanana ndi osakhudzidwa.

Mayi_Fodya:
Ndiwonjezere za manambala. Pa Mosin M91/30 nambala ya pampope ifanane ndi ya pa bolt, ya pansi pa magazini ndi ya pakachitsulo kakumatako. Nyenyezi ndi chizindikiro cha fakitale ya Tula ku Russia, muvi wam'kati mwa katatu ndi cha Izhevsk. Ma K98k amene asilikali a Soviet Union analanda anaphwasulidwa n'kumangidwanso mosakaniza, ndiye nambala ya pa bolt imakhala yolembedwa ndi cholembera chamagetsi, osati yodindidwa. Pa Lee-Enfield mukaona zilembo FTR, ndiye kuti inabwerera kufakitale kukakonzedwa yonse. Si chilema ayi, koma wogulitsa asakuuzeni kuti sinakhudzidwepo.

Nyundo:
Girisi uja ndi cosmoline. Zitsulo muziviike mu mineral spirits (mankhwala osungunulira penti), mukwecheko ndi mswachi wakale. Bolt muiphwasule ndithu, chifukwa girisi akatsalira m'kati amagwira firing pin (kamsomali kamene kamamenya primer), mfuti n'kumakana kulira. Thabwa lokha musaliviike. Likulungeni m'nsanza, muliike mu pulasitiki wakuda padzuwa, muzipukuta girisi akamatuluka ngati thukuta. Zimafuna maulendo angapo.

Sandipepa ndiye ayi! Zidindo za pathabwa n'zosazama, kungopala kawiri zapita, ndipo sizibwereranso. Thabwa la Mosin linapakidwa vanishi wa shellac, choncho spiriti wa methylated amalisupula. La Lee-Enfield limangofuna mafuta a linseed pang'ono, opaka ndi chikhatho.

Chisale_M:
Bambo Kambuku, musanaganize zoombera, katswiri wa mfuti ayeze headspace (mpata wa pakati pa bolt yotsekedwa ndi pamene chipolopolo chimatsamira mumpope). Ikakula, chikhokho cha chipolopolo chimatha kung'ambika, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso. Ubwino wa Lee-Enfield No. 4 ndi wakuti mutu wa bolt umasinthika, ulipo kuyambira nambala 0 mpaka 3.

Posunga, chinyontho chikhale pafupifupi 50 peresenti. Chikapitirira kwambiri ndi dzimbiri, chikachepetsa thabwa limang'aluka. Musaisiye m'chikwama cha siponji, chimasunga chinyontho. Ndipo ukalamba wa mfuti sukuchotserani lamulo: m'mayiko ambiri Mosin ya 1943 imafuna chiphaso ngati mfuti yatsopano, ndiye yambani mwafunsa kupolisi musanapereke ndalama.