Akulu ampingo akuti nkhani ya abusa isapite kupolisi, kodi ndi zoona zimenezi?

Nachisale_Chinamwali:
Abale ndithandizeni maganizo, dzina la mpingo sinditchula. Kutchalitchi kwathu kuno ku Zomba mtsikana wa kwaya wa zaka 14 waulula kwa azakhali ake kuti abusa akhala akumuitanira kunyumba kwawo ati akamupempherere za mayeso kenako nkumamuchita zachipongwe. Azakhaliwo anakauza akulu ampingo, yankho lake akuti za m'nyumba ya Mulungu sizipita kupolisi tikambirana tokha, ati alembera kalata kulikulu kuti abusawo awasamutse mwakachetechete. Panopa Lamulungu lililonse akulalikirabe, amene wasiya kubwera kutchalitchi ndi mwanayo poti azimayi ena ayamba kumunena kuti ndi wovuta. Kodi mpingo umayenera kutani kwenikweni zikatere?

Bambo_a_Tawina:
Mayi musadikire akulu ampingo, mwanayo apite naye kuchipatala lero lomwe. Ku Zomba Central kuli One Stop Centre, amamupima nkulemba lipoti lomwe limagwira ntchito kukhoti, ndipo ngati zomaliza zachitika posachedwa mankhwala a PEP oteteza HIV amayenera kuyambidwa asanathe maola 72. Kenako ku Victim Support Unit kupolisi. Ngati azakhaliwo akuopa kuonekera ayimbe 116, ndi yaulere, a YONECO omwewa a konkuno ndi amene amayendetsa. Kugona ndi mwana wa zaka 14 ndi mlandu waukulu olo wina anene kuti mwanayo anavomera, ndipo kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana basi. Bwalo la mpingo limatha kumuimitsa munthu pa mgonero kapena kumuvula ubusa, koma mlandu wa boma silingauweruze.

Mkulu_wa_ku_Sadzi:
Ine ndatumikira nthawi yaitali ngati mkulu wa mpingo, tiyeni tifatse. Mateyu 18 amati m'bale wako akalakwa yamba wamuona pa awiri. Komanso abusa ena ananamiziridwapo chifukwa cha mikangano ya ndalama za chopereka, dzina likaipa silibwerera. Sindikuti mwanayo akunama ayi, koma tikathamangira kupolisi mawa zili pa Facebook mpingo wonse wanyozeka.

Chemwali_Mpondabwino:
Bambo a ku Sadzi ndi ulemu wonse, ngati mukuopa kuti abusa akunamiziridwa ndiye kuli bwino afufuze ndi anthu oti sadya nawo mbale imodzi, chifukwa akulu ampingo ambiri anawaika pa mipando ndi abusa omwewo nde mukuganiza afunsa mafunso ovuta? Ndipo mwana wa zaka 14 mukufuna akakhale pa awiri ndi munthu amene akuti anamuchita chipongweyo?

Za kusamutsazi ndi zimene zandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa mipingo ikuluikulu inayesa kale njira imeneyi ndipo inapsa nayo. Ku Boston ku America mu 2002 atolankhani anaulula kuti ansembe a Katolika ogwirira ana ankangowasuntha parishi iyi kupita ina, ana atsopano nkumavulala, mpaka Kadinala Bernard Law anatula pansi udindo chaka chomwecho. Ya Anglican nayo, John Smyth (sanali m'busa koma ankatsogolera misasa ya achinyamata achikhristu) ankazunza anyamata ku England, atsogoleri ena anadziwa kale mu 1982 koma anangokhala chete, iye nkusamukira ku Zimbabwe mu 1984 komwe anakapitiriza kuzunza ana a ku Africa kuno, anafera ku Cape Town mu 2018 osaweruzidwa ku England. Lipoti la nkhaniyi litatuluka mu November 2024 Justin Welby, mkulu wa Anglican dziko lonse lapansi, anachoka pa mpando. Ndiye kalata yopita kulikuluyo tanthauzo lake ndi loti abusawo akapezeke ku Jali kapena ku Mayaka komwe makolo sakudziwa kanthu, ndipo kumenekonso kuli kwaya.

Akatolika pano anasintha malamulo, Papa Francis mu 2019 analamula kuti wansembe kapena sisitere akamva nkhani yotere azikanena kwa akuluakulu a mpingo, ndipo palibe woti amutseke pakamwa wodandaulayo. Sikuti zonse zikuyenda bwino, koma pepala lilipo loti munthu nkuwakumbutsa nalo. Mipingo yathu yambiri ing'onoing'onoyi olo tsamba limodzi la ndondomeko yoteteza ana ilibe.

Chofunika apa abusawo ayime kaye pa guwa ndipo asayandikire ana mpaka kafukufuku athe, kumeneko sikuwaweruza ayi, kusukulu aphunzitsi amawaimitsanso chimodzimodzi. Mpingo upereke kupolisi zonse zomwe ukudziwa, ndipo wina awauze azimayi onenawo atseke pakamwa.

Nachisale_Chinamwali:
Zikomo nonse. Ndawaimbira azakhaliwo agwirizana nazo zopita kuchipatala mawa mmamawa, ndiwaperekeza. Vuto latsala ndi bambo ake a mwanayo, nawonso ndi mkulu wa mpingo ndipo akukana zakupolisi, ati anzawo aziwaona bwanji. Alipo akudziwa ngati azakhali angathe kukadandaula okha popanda bambo?

Bambo_a_Tawina:
Angathe, sipafunika chilolezo cha bambo. Atenge health passport ya mwanayo, ndipo ngati pali mamesiji pa foni asafufute.