Zotsatira za UniZambeze zikatuluka, tiyembekezere chiyani?

Mayi wa ku Ulónguè: Abale, mwana wanga analemba mayeso olowera ku yunivesite ya UniZambeze, ku Mozambique. Pauta (mndandanda wa zotsatira) ikatuluka tiyembekezere chiyani?

Mphunzitsi wa ku Moatize: Mayi, amasanja mayina potengera malikisi, kuyambira wokhoza kwambiri mpaka malo atadzaza. Choncho 12 pa 20 angakwanire ku zaulimi ku Ulónguè koma n'kuchepa ku zaudokotala ku Tete, kumene opikisana amachuluka.

Achimwene a ku Tsangano: Mwana akalembedwa "admitido" (wasankhidwa), musagone. Konzekeranitu BI (chiphaso cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho), zithunzi ndi satifiketi ya kalasi 12, chifukwa masiku a matrícula (kulembetsa) ndi ochepa. Satifiketi ndiyo imachedwetsa ambiri, kaitengeni kusukulu lero. Wochedwa malo ake amapita kwa "suplente", wodikira pamzere.