Mkazi wa tsitsi loima njo mu Bride of Frankenstein: anali ndani, nanga tsitsilo analipanga bwanji?

MwanaWaSiteji

Akuluakulu, thandizeni. Pali chithunzi chakale chimene chimazungulira pa intaneti: mkazi wovala mkanjo woyera, mikono yokulungidwa mabandeji, tsitsi litaima njo, mbali zonse ziwiri muli mzere woyera wokhotakhota ngati mphezi. Kodi ameneyu anali ndani? Nanga tsitsi lija linali lake kapena wigi? Gulu lathu la zisudzo likufuna kupanga lofanana nalo, loti lisagwe munthu ali pakati pa sewero.

KanemaWakale

Ameneyo ndi Elsa Lanchester, wobadwira ku London mu 1902, ndipo anamwalira ku Los Angeles mu 1986. Filimuyo ndi Bride of Frankenstein ya 1935, ya kampani ya Universal, wotsogolera anali James Whale. Chilombo chachimuna cha mufilimuyo anali Boris Karloff, ndipo mkazi wa pachithunziyo ndi mkwatibwi amene anachipangira.

Chodabwitsa n'chakuti filimu yonse ndi ya mphindi 75, koma mkwatibwi amangotulukira kumapeto kwenikweni, mphindi zochepa chabe, osayankhula liwu ngakhale limodzi. Pamndandanda wa ochita seweroli sanalembepo dzina lake pa gawo limeneli, anangoikapo chizindikiro cha funso. Dzina la Lanchester lili pa gawo lina, la Mary Shelley, mlembi wa buku la Frankenstein la 1818, amene amaoneka kumayambiriro akucheza ndi alakatuli Lord Byron ndi Percy Shelley. Ndiye kuti mlembi wa nthano ndi chilombo chake anawapatsa nkhope imodzi.

Musamuyese wa mafilimu oopsa okha ayi. Anapikisana nawo kawiri pa mphoto ya Oscar, pa Come to the Stable ya 1949 ndi Witness for the Prosecution ya 1957, yomwe anasewera ndi mwamuna wake Charles Laughton. Amene munaonera filimu ya Mary Poppins, mlezi uja amachoka panyumba atakwiya koyambirira ndi yemweyo.

AnthuASaluni

Za tsitsi, achimwene: Jack Pierce, amene ankakongoletsa ochita mafilimu ku Universal, anaika kachimango ka waya pamutu, n'kupesera tsitsi la Lanchester lenilenilo pamwamba pake, atalipinda mafundemafunde. Mizere yoyera ija anachita kuwonjezera. Kaimidwe kake anatengera chiboliboli cha Nefertiti, mfumukazi ya ku Egypt, n'chifukwa chake sililunjika kudenga koma limapendekera kumbuyo. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amaliimika choongoka, mutu n'kumaoneka ngati wasenza mtondo.

Tsitsi lathuli njira yake ndi iyi. Yambani mwaluka tsitsi la munthuyo mizere yogona, yolimba, chifukwa ndi pomwe musokerepo. Pindani waya wa mamilimita 2 mupange mphete yokwana mutu, ina yocheperapo ya pamwamba, muzilumikize ndi mawaya anayi kapena asanu otalika masentimita 20 mpaka 25. Nsonga zonse zikulungeni ndi tepi, apo ayi zimubaya akangowerama. Kutani chimangocho ndi neti yakuda, mkati musaikemo kanthu. Mukapakiramo nsanza kapena siponji chimalemera, khosi limatopa, ndipo pogwedeza mutu chimatsetserekera mbali imodzi.

Mafunde aja amachokera pa meshi. Tengani mapaketi atatu akuda, muluke zingwe zonenepa ngati chala, muviike m'madzi otentha kwa mphindi imodzi, muyanike, mumasule zitaumiratu. Mukamasula zikadali zonyowa mafunde amawongoka. Sokerani meshiyo pa neti kuyambira pansi kukwera m'mwamba ndi singano yokhota ya wivi, kenako sokerani mphete ya pansi pa mizere ija malo asanu ndi limodzi, makamaka pamphumi, poti kulemera konse kumakokera kumbuyo. Mapini okha sakwanira. Meshi yoyera ikhale yomaliza, kuyambira pamwamba pa khutu. Ndipo kumbukirani kuti meshi ndi pulasitiki: kandulo kapena getsi lotentha pafupi, yasungunuka.

Chikumbutso35

Mwafotokoza bwino achemwali, koma ine ndikuti tsitsi lokha silingakupatseni mkwatibwi uja. Chimene chimaopsa ndi kayendedwe. Lanchester ali mwana anaphunzirako kuvina kwa Isadora Duncan ku Paris, ndipo thupi ankadziwa kuligwiritsa ntchito. Onetsetsani mutu wake: sautembenuza pang'onopang'ono, amangouti tsee uku, n'kuima, tsee uko, maso ali tong'o osaphethira. Miyendo ikunjenjemera, poti ndi munthu woti sanayendepo. Phokoso lija amachita kumapeto, yekha ananena kuti anatengera mbalame zotchedwa swan, zonga atsekwe akuluakulu, za ku Regent's Park ku London, momwe zimalusira munthu akaziyandikira.

Kwina n'kwa kamera. John Mescall anajambula chipinda choyesera chija kamera itapendekeka, nkhope zikuwala mbali imodzi, ina ili bii. Pasiteji panu zimitsani magetsi a kutsogolo, musiye limodzi la m'mbali cha pansi. Mukawalitsa ponseponse, waya ndi neti zioneka, anthu ayamba kuseka. Zipsera zosoka zili pansi pa chibwano mpaka kukhutu, osati pamphumi ngati za Karloff. Pensulo ya nsidze ikwanira.

KanemaWakale

Ndiwonjezere za kaoneredwe, poti mukaphunzirira pa filimuyo. Inajambulidwa pa muyeso wa 1.37:1 (mulifupi ndi msinkhu wa chithunzi), ndiye pa TV za masiku ano payenera kutsala mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Mukaitambasula kuti idzaze sikirini, nkhope zimafufuma ndipo tsitsi lija limaoneka lalifupi, mudzayesa molakwika kutalika kwa chimango chanu. Ikani pa 4:3. Zimitsaninso motion smoothing. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, TV ikamawonjezeramo zake kugwedeza mutu kuja kumasalala, pomwe mukufuna kuona pamene akuimira.

MwanaWaSiteji

Zikomo nonse. Nanga achemwali, munthu wa tsitsi lalifupi loti silingalukike, mphete ija tisokera pati?